Tinakatenga Galimoto ku Songwe, Ine ndi a Makwinja

Uthenga unandipeza pa fakitale, ndikudikira kuti anthu atsitse masamba a tiyi m'ngolo ya thalakitala yanga. Kalaliki wa ku ofesi anangoti, "Mai Rozina, abwana akukufunani," n'kubwerera. Pa esiteti ukaitanidwa ku ofesi pakati pa sabata, umayamba wadzifunsa wekha kuti walakwanji. Ndinapukuta manja pa ovolosi, n'kumapita.

Ndinapeza a Makwinja ali kale mkati, chipewa chili pa bondo. A Makwinja anali dalaivala wamkulu wa esiteti yathu, munthu amene anagwira chiwongolero ine ndisanabadwe. Ndi iwowa amene anandichotsa m'munda. Ndinali wothyola tiyi ngati amayi anga, dengu kumsana, mpaka tsiku lina anandipezerera ndikusuzumira m'injini ya thalakitala. Anati, "Ukuiyang'ana ngati ukufuna kuidya. Mawa ubwere ku galaja." Anandiphunzitsa thalakitala, kenako lole, ndipo tsiku lokayesedwa laisensi anandiperekeza okha. Amuna a ku galaja ankaseka, iwo osawalabadira.

"Kampani yagula galimoto yonyamulira alendo odzagula tiyi," anatero abwana manijala. "Yatsika pa sitima ku Dar es Salaam, ndipo wina aibweretsa mpaka pa Songwe. Mukaitenge inu awiri. Oyendetsa ndi a Makwinja, inu mai Rozina muziwalandira akatopa. Dzuwa likalowa, galimoto iime. Ndipo ndikuifuna pano yopanda ndi kachipsera komwe."

Ine kutali kumene ndinali nditafikako kunali ku Lilongwe, ku maliro. Tsono ati ku Songwe, kumalire a dziko!

Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa, mvula ikuwaza. Ana ndinawasiyira amayi, iwo n'kundimangira chinangwa chophika ndi kalongonda m'kabakuli, ati kumpoto sindikapeza chakudya cha anthu. Minibasi inatitenga pa mphambano ya esiteti, koma pa Bvumbwe inaima nthawi yaitali, kondakitala akukankhira madengu a tomato ndi kabichi pansi pa miyendo yathu. Pofika ku Blantyre nsapato zanga zinali zikununkha anyezi. Pa depoti anatiuza kuti mtengo wa basi wakwera dzulo lake chifukwa cha mafuta. A Makwinja anakangana pang'ono, kenako analipira, n'kundipatsa matikiti. "Werenga manambala a mipando, magalasi ndaiwala," anatero. Sindinaganizepo kanthu. Nkhalamba zambiri zimaiwala magalasi.

M'basimo ndinakhala ndi mayi wina wa ku Ndirande amene ankapita ku Tanzania kukaoda zitenje. Atandifunsa za geni yanga ndinamuuza kuti ndine dalaivala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anagwira dzanja langa n'kulitembenuza kuti aone zikhatho. "Zoonadi," anatero. "Manja awa si a mu saluni." Kuyambira pamenepo ankandigulira chilichonse chodutsa pa windo: mbatata yokazinga pa Lizulu, chimanga chootcha pa Kasungu. Ku Mzuzu tinafika dzuwa litalowa, tinagona pa resitihausi ina pafupi ndi depoti.

M'mawa mwake tinakwera minibasi ya ku Karonga. Potsika phiri la Chiweta anthu ankaloza nyanja, koma ine maso anga anali pa msewu. Makona ake ndi opinda ngati chigongono, mbali ina thanthwe, mbali inayo phompho, ndipo malole a malasha amatsika akufuka utsi m'mabuleki. Mumtima ndinathokoza kuti pobwerera pamenepa padzakwera a Makwinja, osati ine.

Pa Songwe tinafika masana, kukutentha moti malaya ankamatirira pamsana. Ejenti wokonza mapepala a galimoto anatilandira ndi nkhope ya munthu amene ali ndi uthenga woipa. Pa nambala yaitali ya galimotoyo, amene anaigulitsa analemba seveni pamene panayenera kukhala wani. Kanambala kamodzi kokha. Pepala latsopano limayenera kuchokera kwa ogulitsawo, ndipo ofesi yawo inali itatseka kale mpaka Lolemba.

"Ndiye kuti tigona pano masiku atatu chifukwa cha seveni?" anafunsa a Makwinja.

"Madala, ena agona pano masabata awiri chifukwa cha dontho," anayankha ejentiyo.

Galimotoyo inali mu mpanda, pakati pa zinzake zodikira mapepala. Ndinaizindikira ndisanauzidwe. Inali yaitali ngati minibasi yaing'ono, yotalika miyendo ngati mapikapu a pa esiteti, koma thupi lake losalala ngati galimoto za maukwati. Amene anaibweretsa, a Hamisi, bambo wa ndevu zotuwa wa ku Mbeya, nawonso sakanachoka tisanasainirane. Choncho masiku atatu amenewo tinakhala anthu atatu pa benchi imodzi pansi pa mtengo wa mango, tikudya mpunga wa ku Karonga ndi mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija. Kalongonda wa amayi anatha tsiku loyamba lomwe. A Hamisi atamulawa sanafunenso kubweza bakuli.

Chichewa cha a Hamisi chinali chopunduka, koma pa nkhani ya galimoto tinkamvana bwinobwino. Anati mtundu umenewu auyendetsa kuyambira pa kholo lake. Yoyamba, anati, inali lole yovala suti: pansi chimango cha zitsulo ziwiri ngati cha lole, pamwamba n'kukhazikapo thupi. Inali yolimba, koma ukafika ku Songwe msana umakhala wa wina. Opanga ataona kuti ogula ambiri amangoyenda nayo pa tala, anasiya chimango chija n'kupanga thupi ndi pansi pake kukhala chinthu chimodzi, monga amapangira galimoto zing'onozing'ono. Yachiwiriyo inali yofewa, koma mipando ya kumbuyo kwenikweni inali ya ana okha. "Iyi ndi yachitatu," anatero akusisita chitseko. "Aitalikitsa. Anthu akuluakulu asanu ndi awiri amakhala osagundana maondo. Ndipo aipatsa maso."

A Makwinja anafwenthera kumbali. Iwo anakulira pa galimoto zimene ukafuna kuti matayala onse anayi akoke, umatsika m'matope n'kukapotokola ndi dzanja pa wilo. "Galimoto yopanda chimango ndi chitini," anatero. "Ikakumana ndi msewu wa kwa Mphuka mu Febuluwale idzalira mayo."

A Hamisi sanatsutse. Anangotilowetsa mkati. Kiyi sanailowetse paliponse, inali m'thumba mwawo, iwo n'kungodina batani. Injini inalira mwakachetechete moti ndinachita kutsegula chitseko kuti nditsimikize. Kilatchi panalibe. Anapotokola kachitsulo kozungulira pafupi ndi giya, galimoto yonse n'kudzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe imene inagona, chifukwa m'malo mwa masipuling'i ili ndi matumba a mpweya. Pa galasi la pa dashibodi inkadzionetsa yokha ngati ukuiona uli pamwamba pa mtengo, ndi galu yemwe amene anagona kumbuyo kwake. Anationetsa poika pa matope, pa mchenga, ndi potsika phiri. Anati kutsogolo kuli kamaso kamene kamaona mzere wa msewu ndi chilichonse chimene chaima panjira.

Ine ndinkafunsa ngati mwana wa sukulu, ndi kulemba kuseri kwa tikiti ya basi. A Makwinja ankangogwedeza mutu. Ndinaona kuti pa galasi lija sankayang'anapo, koma ndinati ndi mwano wa akuluakulu pa zinthu zatsopano.

Pepala linafika Lolemba masana. Tinasainirana, a Hamisi n'kuwoloka mlatho wapansi kubwerera kwawo, kabakuli ka amayi kali m'chikwama mwawo. Tinangoyenda mpaka pa Karonga, pamene tinaima pa mzere wa mafuta mpaka madzulo. Titafika pa pampu tinasowa potsegulira chivundikiro cha thanki. Tinafufuza pansi pa mpando, pansi pa chiwongolero, a m'mbuyo akuimba mahutala, mpaka mayi wothira mafutayo anangochidina ndi chala, icho n'kutseguka. "Galimotoyi ndi yanudi?" anafunsa. Tinaseka tonse, koma a Makwinja kuseka kwawo kunali kwa pakamwa pokha.

Lachiwiri tinanyamuka kutacha bwino, a Makwinja ali pa chiwongolero. Mvula inali itangokata, dzuwa likunyezimira pa tala wonyowa. Tisanapite patali chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwawo, galimoto n'kulira kabelu.

"Wamva? Chitini chayamba," anatero.

"Bambo, ikuti mwaponda mzere."

"Mzere wake uti?"

Ndinawayang'ana. Mzerewo unali poyera. Chiwongolero chinanjenjemeranso kachiwiri, kachitatu. Ndinayamba kugwira lamba ndi manja awiri.

Titadutsa pa Uliwa, kutsogolo kwathu kunali bambo akukankha njinga yonyamula matumba awiri a mpunga, mkazi wake akumutsatira ndi mwana kumsana. Ankalambalala chithaphwi, ndiye analowa pang'ono mumsewu. Ndinawaona tili kutali. Ndinadikira kuti a Makwinja achotse phazi pa moto, koma sanachotse. Ndinatsegula pakamwa, mawu asanatuluke galimoto inakuwa ngati mwana woopsedwa, lamba anandimanga pachifuwa, n'kuima yokha. Pakati pa ife ndi mayi uja panatsala malo oti munthu mmodzi n'kudutsa chammbali. Mwana wa kumsana uja anatembenuka n'kutiyang'ana, akuyamwa chala.

Bambo wa njingayo anatikalipira m'chinenero chakwawo, n'kumapita. A Makwinja anaikokera galimoto pambali.

"Sindinaponde buleki ine," anatero.

"Ndaona, bambo."

"Sindinawaone, Rozina. Ndinangoona kuwala." Anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati. "Papita chaka. M'diso lakumanjali muli chiperoni chosatha, ndipo lakumanzere layambanso. Misewu ya pa esiteti ndimaiyenda ndi mutu, ndikudziwa dzenje lililonse. Ndimati ndipirire mpaka ndipume pa ntchito ndi ulemu wanga. Akandilanda chiwongolero, ine ndine ndani? Mlonda wa pageti?"

Munthu amene anandiphunzitsa kuti dalaivala amayendetsa ndi maso, manja amangotsatira, ndi amene ankandiuza zimenezi. Ndinatsika, n'kuzungulira, n'kutsegula chitseko chawo. Anatsika. Kiyi anaitulutsa m'thumba la jekete n'kuiika m'dzanja langa, ngakhale galimotoyo sinkasowa kuti kiyi ikhale ndi ndani.

Motero phiri la Chiweta, limene ndinathokoza kuti si langa, linakhala langa. Pakona yoyamba thukuta linali likutsika m'khosi. Phazi langa lamanzere linkangofunafuna kilatchi imene kulibe. Kutsogolo kunali lole ya malasha ikukwawa, anyani atakhala m'mbali mwa msewu ngati akudikira kuona ngozi. Pamene msewu unagumuka ndi mvula panatsala njira yopapatiza, ndipo ndinayang'ana pa galasi lija n'kuona matayala anga onse ndi m'mphepete mwa phompho. Ndinadutsa bwinobwino. A Makwinja, ngakhale maso anali atawathawa, makutu anali akadali a dalaivala wamkulu. "Lole imeneyo ikusintha giya, ibwerera pang'ono. Ipatse mpata," ankatero. "Tsopano pita. Usaope, ili ndi mphamvu." Titafika pamwamba anapumira m'mwamba n'kuti, "Chitini chimenechi chimakwera."

Pa lodibuloko ina tisanafike ku Mzuzu, wapolisi anasuzumira, n'kuona mayi wa duku pa chiwongolero ndi mdala wa jekete pambali. Anaona laisensi yanga, anaona mapepala, kenako anaperekera sawatcha kwa a Makwinja. "Muyende bwino, bwana." A Makwinja anangokweza dzanja ngati nduna. Titachokapo tinaseka mpaka misozi, ndipo aka kanali koyamba kuseka kuchokera pa Uliwa.

Titadutsa pa Jenda, iwo akufuna kutsitsa mpando kuti agone, anadina batani lolakwika. Mwadzidzidzi anadumpha. "Ima! Muli chinthu mu mpandomu! Chikuyenda!" Ndinaima, iwo anatsika n'kuthyola kamtengo, ati ndi khoswe wa pa sitima. Ndinayang'ana kuseri kwa tikiti yanga ija n'kupeza pamene ndinalemba kuti mipando imasisita msana. Anakhalanso mosakhulupirira. Pofika pa Kasungu, pamene tinagona, anali akufunsa ngati chinthucho chingatsikeko pang'ono cha m'chiuno.

Nkhani yovuta inayamba Lachitatu, titadutsa Dedza.

"Rozina, tikafika pa mphambano ya kwathu undipatse chiwongolero. Msewu umene uja ndiudziwa. Ndilowe nayo pageti ine, ndipo za pa Uliwa zitsale pa Uliwa."

Ndikanakana, zikanaoneka ngati ndikufuna mpando wawo, ndipo ku galaja akanati mwana wa njoka waluma womulera. Ndikanavomera, sabata yotsatira iwo akananyamula alendo, kapena kudutsa pa mzere wa othyola tiyi m'mamawa kuli nkhungu, amayi anga ali pomwepo.

"Bambo, ine sindikanena kanthu kwa abwana," ndinatero. "Pakamwa panga sipangakuneneni. Koma kiyiyi sindikupatsani. Dzulo inaima yokha. Thalakitala siima yokha, lole siima yokha."

"Ndiye wandiweruza kale."

"Ayi. Agogo anga aakazi anali ndi ng'ala maso onse awiri. Anawapala ku chipatala, ndipo anamwalira akulowetsa okha ulusi pa singano. Inu mwapitako ku chipatala?"

Kuyambira pa Ntcheu mpaka pa Zalewa ankangoyang'ana kunja. Ndinawagulira nzimbe, anangozigwira. Mu Limbe magalimoto anapanikizana, a kabaza akudutsa mbali zonse, galimoto ikulira kabelu uku ndi uku ngati nkhuku ya anapiye. Pa Bvumbwe amayi ogulitsa anathamangira ku mawindo poyesa kuti mwabwera alendo olemera, ndipo mmodzi amene timapemphera naye anagwetsa mbale ya mapeyala. "Rozina! Ndiwe?"

Pa mphambano ya esiteti tala amatha. Mvula inali itagwa masiku onse amene tinachoka, ndipo mathalakitala anali atakumba mikwasa iwiri yakuya. Ndinaima, n'kupotokola kachitsulo kaja. Galimoto inadzuka. Ndinayang'ana a Makwinja, ndikudikira kuti apemphenso.

"Gwira kumanja," anatero. "Kumanzereko pansi pali mwala umene unandithyolera sipuling'i chaka chimene unabadwa."

Tinadutsa m'matopemo ngati tikuyenda pa mkeka. Othyola tiyi anali pa sikelo, ndipo atazindikira amene ali pa chiwongolero nthungululu zinayamba.

Abwana anatuluka mu ofesi, anazungulira galimoto kawiri, kenako anafunsa chifukwa chake ikubwera ndi ine. Ndinayang'ana pansi. A Makwinja anavula chipewa.

"Bwana, ndili ndi mawu. Tilowe mu ofesi. Mwanayu atsale panja, si nkhani yake."

Anakhalamo nthawi yaitali. Ine ndinali panja ndikutsuka matope pa matayala, ngakhale panalibe amene anandituma. Atatuluka, abwana anandiitana. Anati a Makwinja sagwiranso chiwongolero mpaka adokotala atanena, koma galaja ikhalabe m'manja mwawo. Anati galimoto yatsopanoyo ndiziyendetsa ine, ndipo ulendo wanga woyamba si wa alendo ayi, ndi wopita ndi a Makwinja ku chipatala cha maso ku Blantyre.

Anawapala diso lakumanja patapita milungu itatu. Tsiku lokawatenga ndinaimika galimoto pafupi ndi khomo, n'kukawagwira dzanja. Anakana, ati ayenda okha. Atatuluka panja anaima, dzanja lili pamphumi, akuphethira ngati mwana wongodzuka. Anayang'ana mitengo, anayang'ana anthu, anayang'ana ine nthawi yaitali.

"Wayamba imvi, Rozina," anatero.

"Zinayamba kale, bambo."

Kenako anatembenukira ku galimoto. Anaizungulira pang'onopang'ono, akuigwira ndi nsonga za zala.

"Kodi ndi yobiriwira?"

"Eya, bambo. Ngati tiyi wokhwima."

"Ha! Ine ulendo wonse uja ndimati ndi yakuda." Anapukusa mutu, n'kutsegula okha chitseko cha kutsogolo. "Tiye kwathu. Koma uyende pang'onopang'ono. Ndikufuna ndione msewu."